Sigmund Freud (1856–1939): Dokotala wa ku Vienna ndi Mkangano wa Umboni

Akatekisiti amene adachitapo maphunziro a uphungu adakumanapo ndi dzina la Sigmund Freud, kawirikawiri m'masamba oyamba a buku, pamodzi ndi chithunzi cha nkhalamba yandevu itagwira ndudu. Ena amamutcha tate wa maphunziro a maganizo a munthu, ena amamutcha mdani wa chipembedzo. Lero tifotokoza za moyo wake, komanso za funso limene lidayamba kumutsata iye akali moyo ndipo silidamusiye mpaka pano: kodi zimene adaphunzitsa zili ndi umboni wa sayansi, kapena ndi nkhani zolukidwa mwaluso?

Freud adabadwa pa 6 Meyi 1856 m'tauni ya Freiberg ku Moravia, imene lero ikutchedwa Příbor, m'dziko la Czech Republic. Makolo ake adali Ayuda. Bambo ake, a Jacob, ankagulitsa ubweya wa nkhosa, ndipo mayi ake, a Amalia, adali ochepera amuna awo ndi zaka pafupifupi 20. Ali wamng'ono adali ndi mlezi wachikatolika amene ankapita naye ku tchalitchi ndi kumuuza za Mulungu ndi za moto wosatha. Mleziyo adachotsedwa ntchito pa mlandu wa kuba mwana asanakwanitse zaka zitatu. Malonda atalowa pansi banja lidasamuka, ndipo mu 1860 lidakhazikika ku Vienna, mzinda umene Freud adakhalamo zaka 78, akuudandaula masiku onse koma osafuna kuuchoka.

Mu 1873 adalowa yunivesite ya Vienna kukaphunzira udokotala. Kumeneko ankamveranso maphunziro a filosofi a Franz Brentano, amene adali atangosiya unsembe, munthu wokhulupirira Mulungu komanso wolemekeza sayansi. Freud adamusirira mphunzitsiyu, koma chikhulupiriro chake sadachitenge. Mtima wake udali m'labotale ya Ernst Brücke, mmene ankaphunzitsa kuti chilichonse chochitika m'thupi chingathe kufotokozedwa ndi mphamvu za chilengedwe zimene zimayezeka. Mu 1876 adapita ku Trieste kukafufuza za nsomba ya mkunga, ndipo adatumbula nsomba pafupifupi 400 pofunafuna ziwalo zake zachimuna. Tikutchula zimenezi kuti zidziwike kuti Freud adayamba ntchito yake pa maikulosikopu, ndipo mpaka imfa yake adaumirira kuti psychoanalysis ndi sayansi yeniyeni, yofanana ndi ija ankachita kwa Brücke. Akadanena kuti ndi luso chabe lomvetsera anthu, mkangano wonsewu sukadabuka.

Adalandira udokotala mu 1881. Mu 1884, ali pa chibwenzi ndipo akufunitsitsa kutchuka kuti apeze poyambira banja, adalemba nkhani yotamanda kokeni. Adalangiza mnzake Ernst von Fleischl-Marxow, amene adali atazolowera mankhwala a morphine, kuti agwiritse ntchito kokeni pofuna kumasuka, ndipo adalengeza kuti zayenda bwino. Mnzakeyo adangosanduka kapolo wa mankhwala awiri m'malo mwa amodzi, namwalira mu 1891. Otsutsa Freud amati apa ndi pamene chidayambira chizolowezi chake cholengeza chipambano umboni usanakwane.

Mu 1885 adapita ku Paris kukaphunzira kwa Jean-Martin Charcot pa chipatala cha Salpêtrière. Kumeneko adaona odwala matenda otchedwa hysteria, anthu ofa mkono, osatha kulankhula, okomokakomoka, pamene madokotala sankapeza chilema chilichonse m'mitsempha yawo. Adabwerera kwawo ali ndi ganizo lakuti maganizo angathe kudwalitsa thupi. Adatsegula chipinda chake choonera odwala pa tsiku la Pasaka mu 1886, nakwatira Martha Bernays mu Sepitembala chaka chomwecho. Adabereka ana 6, ndipo mzime wawo, Anna, ndiye adadzapitiriza ntchito ya bambo ake.

Nkhani imene psychoanalysis idaphukirapo ndi ya wodwala wa mnzake wamkulu, Josef Breuer. Pakati pa 1880 ndi 1882 Breuer ankathandiza mtsikana wotchedwa Bertha Pappenheim, amene m'mabuku adamupatsa dzina lakuti Anna O. Mtsikanayu adadwala akudwazika bambo ake. Breuer adaona kuti akakumbukira ndi kufotokoza tsiku limene vuto lina lidayambira, vutolo linkazimiririka. Mu 1895 awiriwa adatulutsa buku la Studies on Hysteria, ndipo owerenga adamva kuti wodwalayo adachira. Mu 1972 wolemba mbiri Henri Ellenberger adafalitsa zikalata zimene adazipeza pa chipatala cha Bellevue ku Kreuzlingen, m'dziko la Switzerland. Zikalatazo zidaonetsa kuti patangopita mwezi umodzi Breuer atamaliza, mtsikanayo adagonekedwa kumeneko akudwalabe, atazolowera morphine. M'zaka zotsatira adagonekedwanso kangapo, ndipo Freud ankadziwa kuti sadachire. Bertha adadzapeza bwino patapita zaka, ndipo mu 1904 adayambitsa bungwe la amayi achiyuda ku Germany, nakhala womenyera ufulu wa atsikana ogulitsidwa mpaka pamene adamwalira mu 1936.

Freud adapanga njira yakeyake. Wodwala ankagona pa sofa, dokotala atakhala kumutu kwake kosaoneka, ndipo ankauzidwa kuti anene chilichonse chobwera m'mutu, chaulemu kapena chochititsa manyazi. Chiphunzitso chidali chakuti m'munthu muli mbali yaikulu ya maganizo imene mwini wake saidziwa. Zilakolako zimene munthu sangathe kuzivomereza, makamaka za kugonana ndi za pa ubwana, amazikwirira mmenemo. Zokwiriridwazo sizifa, koma zimatulukira kwina: m'matenda, m'maloto, ngakhale m'kuphonya kwa lilime. Ntchito ya dokotala ndi kumasulira. Wodwala akakana zimene wauzidwa, kukanako kungakhale chizindikiro chakuti dokotala wakhudza pa bala.

Mu Epulo 1896 adauza madokotala anzake a ku Vienna kuti wapeza gwero la hysteria. Adati mwa odwala 18 amene adawafufuza, onse adachitidwa nkhanza ya kugonana ali ana. Koma tikawerenga zimene iye mwini adalemba nthawi imeneyo, odwalawo sankabwera ndi nkhani zimenezi. Sankakumbukira kanthu, ankakana, ndipo Freud ankawaumiriza mpaka zithunzi zitayamba kubwera m'maganizo mwawo. Mu Sepitembala 1897 adalembera mnzake Wilhelm Fliess kuti sakukhulupiriranso chiphunzitsocho, ndipo mwa zifukwa zake adatchula kuti padalibe wodwala amene adamuthandiza mpaka kumapeto. Poyera sadabweze mawu mpaka patapita zaka zingapo. M'malo mokayikira njira yake yofufuzira, adaganiza kuti zimene odwala ankaonazo zidali zilakolako za pa ubwana. Apa ndi pamene chidabadwira chiphunzitso cha Oedipus, dzina la mfumu ya m'nthano ya Agiriki imene idapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake mosadziwa, chakuti mwana aliyense wamwamuna amakhumba mayi ake ndi kuchitira nsanje bambo ake. Mu 1984 Jeffrey Masson adaimba Freud mlandu wakuti adatembenukira ana ozunzidwa msana chifukwa cha mantha. Ena, monga Frank Cioffi, adati zithunzizo adaziika yekha m'mitu mwa odwala. Milandu iwiriyi ndi yotsutsana, koma kwa ife ikuloza pa vuto limodzi: njira imene idabala yankho lina mu 1896 ndi lina mu 1897 idalibe poyezera kuti loona ndi liti.

Buku lake lalikulu, The Interpretation of Dreams, lidatuluka mu Novembala 1899, ndipo lidaphunzitsa kuti loto ndi chikhumbo chokwiriridwa chimene chavala chigoba. Makope 600 oyamba adatenga zaka 8 kuti athe. Koma ophunzira adayamba kubwera. Kuyambira 1902 kagulu kankakumana Lachitatu lililonse kunyumba kwake ku Berggasse 19. Mu 1909 adakakamba nkhani ku Clark University ku America, ndipo mu 1910 bungwe la psychoanalysis la dziko lonse lidakhazikitsidwa, pulezidenti wake ali Carl Jung. Alfred Adler adachoka mu 1911, Jung mu 1913. Aliyense adayambitsa sukulu yake, ndipo aliyense adapeza kuti odwala ake akutsimikiza chiphunzitso chake.

Umboni wa Freud udali nkhani za odwala, ndipo zimene adazilemba mwatsatanetsatane ndi zowerengeka chabe. Hans, mwana wa zaka 5 woopa mahatchi, Freud adamuona kamodzi kokha pa nthawi ya chithandizo. Zina zonse ankamva kwa bambo a mwanayo, amene adali wotsatira wake. Wotchuka koposa ndi Sergei Pankejeff, mnyamata wolemera wa ku Russia amene adathandizidwa kuyambira 1910 mpaka 1914. Iye adalota ali mwana mimbulu yoyera itakhala mu mtengo kunja kwa zenera. Kuchokera pa loto limeneli Freud adagamula kuti ali ndi chaka chimodzi ndi theka, mwanayo adaona makolo ake ali malo amodzi. Pankejeff sadakumbukirepo zimenezi moyo wake wonse. Adapitiriza kuonana ndi madokotala a psychoanalysis kwa zaka makumi angapo, ndipo atakalamba adauza mtolankhani Karin Obholzer kuti kumasulira kuja kudali kokokera kutali ndipo iye sadachire. Adamwalira ku Vienna mu 1979.

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu nawo adafunsa ngati Oedipus ali ponseponse. Bronisław Malinowski, amene adakhala pakati pa anthu a pa zilumba za Trobriand, adaona kuti kumeneko mwana amatsata mtundu wa mayi ake, ndipo amene amamulamula ndi kumudzudzula ndi malume. Mkwiyo wa mnyamata unkalunjika kwa malume, pamene bambo adali bwenzi lake. Kwathu kuno, kumene m'mabanja ambiri malume ndiye mwini mbumba, zimenezi sitingazione zachilendo. Ernest Jones, wotsatira wa Freud, adayankha kuti mwambo wonsewo ndi njira yobisira udani wa pa bambo poutembenuzira kwa malume. Mwa yankho limeneli, mwana akadana ndi bambo ake chiphunzitso chatsimikizika, akawakonda chatsimikizikanso.

Khalidwe limeneli ndi limene lidadabwitsa mnyamata wina wa ku Vienna, Karl Popper, mu 1919, ali ndi zaka 17. Iye ankathandiza pa ntchito ya Adler yosamalira ana, ndipo adaona kuti otsatira a Freud ndi a Adler ankapeza umboni paliponse. Chaka chomwecho, pa 29 Meyi, Arthur Eddington adajambula kadamsana pa chilumba cha Príncipe, kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa, pofuna kuona ngati kuwala kwa nyenyezi kumapindika podutsa pafupi ndi dzuwa monga adaneneratu Albert Einstein. Kukadapanda kupindika, chiphunzitso cha Einstein chikadagwa. Popper adati kusiyana kuli pamenepa. Chiphunzitso cha sayansi chimaneneratu zimene sizingachitike, motero chimadziika pa chiswe. Adapereka chitsanzo cha munthu wokankhira mwana m'madzi kuti amire, ndi wina wotaya moyo wake populumutsa mwana: Freud angathe kufotokoza onse awiri mosavuta, Adler chimodzimodzi, ndipo palibe khalidwe la munthu limene lingawatsutse. M'buku lake la 1963, Conjectures and Refutations, Popper sadanene kuti Freud adanama pa zonse. Adati mwina muli zoona zambiri, koma sizidaikidwe m'njira yoti ziyesedwe.

Freud ankadziwa za dandauloli. Mu 1937 adalemba kuti inde wa wodwala kapena ayi wake, paokha, satsimikiza kanthu. Chofunika ndi zimene zimatsatira, monga kukumbukira kwatsopano ndi maloto ogwirizana ndi zimene zamasuliridwa. Koma kuyesa kwa m'labotale sankakufuna. Mu 1934 Saul Rosenzweig wa ku America adamutumizira zotsatira za kafukufuku zimene zinkaoneka ngati zikumuikira kumbuyo. Freud adayankha mwachidule kuti saziwerengera kwenikweni, popeza zimene adaona m'chipinda chake zidali zokwana.

Amene adapenda yankho limeneli mozama ndi Adolf Grünbaum wa ku yunivesite ya Pittsburgh, m'buku la 1984 lotchedwa The Foundations of Psychoanalysis. Iye adatsutsa Popper. Adati zambiri zimene Freud adanena zingathe kuyesedwa, ndipo Freud mwini adasinthapo maganizo atakumana ndi zomutsutsa. Vuto adaliona pena: umboni wotengedwa pa sofa ndi wodetsedwa. Wodwala amadziwa zimene dokotala akuyembekeza, amamukhulupirira, amamulipira, ndipo pang'onopang'ono kukumbukira kwake, ngakhale maloto ake, zimatsata njira imene walozeredwa. Freud adali ndi chodzitetezera chimodzi champhamvu, chimene adachinena mu 1917: kumasulira kolakwa sikungachiritse, motero wodwala akachira kotheratu ndiye kuti zimene adauzidwa zidagwirizana ndi zimene zili mkati mwake. Grünbaum adati mfundo imeneyi ingaime pokhapokha ngati psychoanalysis imachiritsadi, ndipo ngati palibe njira ina imene imachiritsa chimodzimodzi. Zonse ziwiri ndi zokayikitsa. Freud mwini adavomera mu 1933, mwanthabwala, kuti machiritso ake sangapikisane ndi a ku Lourdes.

Ziwerengero zidabwera mochedwa. Mu 1952 Hans Eysenck adati pafupifupi awiri mwa odwala atatu alionse a mavuto a nkhawa amapeza bwino m'zaka ziwiri ngakhale osathandizidwa. Ambiri adatsutsa kawerengedwe kake, ndipo mu 1977 Mary Lee Smith ndi Gene Glass, ataphatikiza kafukufuku 375, adapeza kuti chithandizo cha kukambirana chimathandizadi. Koma adapezanso kuti njira zosiyanasiyana zimathandiza mofanana ndithu. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa wovutika, koma yowawa kwa Freud, chifukwa ngati mlangizi amene sakhulupirira za Oedipus akuchiritsanso, kuchira sikungakhale umboni wa Oedipus. Chenjezo la Grünbaum lidaonekera poyera m'zaka za m'ma 1990 ku America, pamene alangizi ena, pokhulupirira kuti nkhanza zokwiriridwa zingafukulidwe, adachititsa anthu kukumbukira zimene sizidachitike, ndipo mabanja adapasuka, makolo ena nakaonekera m'makhoti. Mu 1995 Elizabeth Loftus adaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi angathe kukhulupirira kuti adasochera m'sitolo ali mwana, atangouzidwa kuti wachibale wanena choncho. Aliyense amene anthu amamuululira za kukhosi ayenera kuidziwa nkhani imeneyi, komanso kudziwa kuti nkhanza kwa ana zimachitikadi, ndipo ozunzidwa ambiri saiwala konse.

Padali ena ofuna kupulumutsa Freud mwa njira ina. Paul Ricœur mu 1965 ndi Jürgen Habermas mu 1968 adati psychoanalysis ili pafupi ndi luso lomasulira malemba kapena mbiri ya munthu, ndipo si bwino kuiyeza ndi muyeso wa m'labotale. Habermas adafika ponena kuti Freud sadamvetse ntchito yake yomwe poitcha sayansi ya chilengedwe. Ganizoli ndi lokoma, koma ife tikuona kuti Grünbaum adaliyankha bwino: amene akunena kuti chakuti ndicho chidadwalitsa uje akunena za gwero, ndipo gwero limafuna umboni, ngakhale nkhani yake itagwirizana bwanji. Kunena chilungamo, sikuti zonse zidagwa. Zakuti ubongo umachita zambiri mwini wake osadziwa n'zovomerezeka lero, ngakhale ganizoli lidalipo Freud asanabadwe. John Bowlby, amene adaphunzira psychoanalysis, adatenga ganizo lakuti zaka zoyamba za mwana n'zofunika, naliika poti liyesedwe, ndipo lidaima. Koma Oedipus wa mwana aliyense, ndi loto lililonse kukhala chikhumbo chobisika, zidakalibe umboni wokhutiritsa.

Pa za chipembedzo Freud sadabise maganizo ake. M'buku la 1927, The Future of an Illusion, adati kukhulupirira Mulungu kumachokera ku chikhumbo cha mwana chofuna bambo womuteteza. Amene adamuyankha koyamba mwa anzake ndi Oskar Pfister, mbusa wachipulotesitanti wa ku Zürich, amene adalemberana naye makalata zaka pafupifupi 30 ndipo ankalandiridwa kunyumba kwake ngati wachibale. Pfister adati kukhulupirira kuti sayansi idzayankha zonse nakonso kungakhale chikhumbo chabe. Mpingo udayenda mosamala. Mu 1953 Papa Pius XII adauza msonkhano wa akatswiri ku Roma kuti chithandizo cha maganizo ndi chololedwa, koma sichingachotse mlandu weniweni wa tchimo, umene umafuna kulapa ndi sakramenti. Mu 1961 Likulu la Mpingo lidaletsa ansembe ndi anthu a m'zipani kugwira ntchito ya psychoanalysis. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes, udalimbikitsa abusa kugwiritsa ntchito zimene maphunziro a maganizo a munthu apeza, popanda kusankha sukulu ina iliyonse.

Zambiri mwa izi Freud sadazione. Mu 1920 mwana wake Sophie adamwalira ndi chimfine chija chidapulula anthu nkhondo itangotha. Mu 1923 adapezeka ndi khansa ya m'kamwa, pakuti ankasuta ndudu pafupifupi 20 pa tsiku, ndipo m'zaka 16 zotsatira adachitidwa opaleshoni koposa ka 30. Ankavala chipangizo m'kamwa chimene chinkamuvutitsa podya ndi polankhula, komabe sadasiye kuona odwala ndi kulemba, ndipo mankhwala oletsa ululu ankawakana pofuna kuti mutu ukhale woyera. Mu 1933 chipani cha Nazi chidatentha mabuku ake ku Berlin. Germany italanda Austria mu Malichi 1938 adakanabe kuchoka, mpaka pamene apolisi a Gestapo adatenga Anna kukamufunsa mafunso tsiku lathunthu. Pa 4 Juni 1938 adakwera sitima, nakakhala ku Hampstead mu mzinda wa London, kumene adamalizira buku lake lotsiriza lonena za Mose.

Ululu utafika posapiririka adakumbutsa dokotala wake, Max Schur, za lonjezo lakale lakuti sadzamusiya kuti azunzike, ndipo Schur adamubaya morphine wambiri. Adamwalira pa 23 Sepitembala 1939, ali ndi zaka 83, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangoyamba. Thupi lake lidatenthedwa ku Golders Green. Alongo ake anayi, Rosa, Marie, Adolfine ndi Pauline, onse okalamba, adatsala ku Vienna chifukwa zikalata zotulukira sizidapezeke. Mu 1942 adatengedwa kupita ku misasa ya Nazi, ndipo palibe amene adabwerako.